Ndatopa ndi moyo wa m'mawa kuntchito, madzulo kunyumba: kodi ndisiye ntchito ndikaone dziko?

Funso: Ndine bambo wa zaka 31, ndimakhala pa boma la Mangochi. Ndimagwira ntchito m'sitolo ya zipangizo zomangira, Lolemba mpaka Loweruka, ndipo ndili ndi mkazi ndi mwana mmodzi. Patha zaka 7 tsiku lililonse lili chimodzimodzi: kutsegula, kuwerenga matumba a simenti, kutseka, kukagona. Chibadwire sindinapitirirepo Liwonde. Anzanga ambiri ali ku Joni. Mtima ukundiuza kuti ndisiye ntchito ndiziyenda, koma achibale akuti ulendo wopanda maliro, ukwati kapena geni n'kumwaza ndalama, ndimange kaye nyumba. Nditani?

Yankho: Achimwene, ntchito musasiye, koma ulendo yendani, ndipo muyambe mwezi uno. Mwamanga mtolo umodzi zinthu ziwiri zosadalirana, kusiya ntchito ndi kuona dziko. Ndipotu wa malipiro a pamwezi ndiye ali ndi mpata wabwino woyenda, chifukwa ngakhale abwereko m'thumba mutauma, mwezi ukatha mugwanso kanthu.

Kutopa mukunenaku si ulesi, komanso si kusayamika. Masiku akamafanana, mutu suwasunga. Tayesani kukumbukira Lachiwiri limodzi lokha la chaka chatha, muona kuti silibwera. Koma tsiku limene munafika ku Liwonde koyamba mukulikumbukira, mwina mpaka malaya amene munavala. N'chifukwa chake zaka 7 zikuoneka ngati zakuberani. Chofunika ndi kulowetsa masiku achilendo pakati pa masiku ofananawo, ndipo masiku otero muli nawo kale, kungoti simukuwatenga.

Lamulo la ntchito la Employment Act la chaka cha 2000 limapatsa munthu wogwira masiku 6 pasabata tchuthi cholipidwa cha masiku 18 pachaka. Wogwira masiku 5 amapatsidwa 15. Awa ndi masiku ogwira ntchito okhaokha. Lamulungu ndi maholide a boma sawerengedwamo. Ambiri a m'masitolo tchuthichi sachitenga, ena posadziwa, ena poopa kuti bwana awaona ngati a matama. Pemphani polemba kalata, osati pakamwa muli pakati pa makasitomala. M'kalatamo mulembe tsiku loyamba, tsiku lobwerera pantchito, ndi dzina la mnzanu amene atsale akuona mbali yanu, ndipo muipereke kudakali mwezi wathunthu. Bwana akakanitsitsa chaka chonse, ofesi ya zantchito ya boma ilipo yoti ikuthandizeni. Kumbali ina, lamulo lomwelo limafuna kuti wolandira pamwezi apereke notisi ya mwezi umodzi akafuna kusiya, ndipo wosiya mwa kufuna kwake salandira ndalama ija imapatsidwa kwa wochotsedwa ntchito, imene amati severance. Mungatuluke ndi malipiro omaliza okha, amene sangakufikitseni patali muli ndi banja kumbuyo.

Nthawi yopempha tchuthi muisankhe mwanzeru, chifukwa ntchito yanu ndi nyanja zili ndi nyengo zake. Simenti imayenda kwambiri anthu akakolola ndi kugulitsa, kuyambira cha mu Juni mpaka mvula itayandikira, ndiye miyezi imeneyo bwana savomera msanga. Miyezi ya dzinja bwana avomera, koma misewu yafumbi imakhala matope okhaokha ndipo milatho imakokoloka. Mukukumbukira zimene namondwe Freddy anachita mu Malichi 2023. Panyanja napo, mwera umalimba kuyambira Juni mpaka Ogasiti. Mpata wokoma uli kumapeto kwa Epulo ndi mu Meyi: mvula yaleka, dziko likadali lobiriwira, kutentha kwachepa, nyanja sinayambe ukali, komanso muli maholide awiri, pa 1 ndi pa 14 Meyi, amene mungalumikize ndi masiku anu. Masiku 18 aja musawathere ulendo umodzi. Sungani 6 a ulendo waukulu, 6 muwagawe awiriawiri, otsalawo akhale a zogwa mwadzidzi, chifukwa maliro ndi matenda sizipangana ndi munthu.

Za ndalama. Tsiku limene malipiro alowa, chotsani gawo limodzi mwa magawo 10 musanagule chilichonse. Mukati mudikire zotsala kumapeto kwa mwezi, sizitsala. Ziikeni pamalo povuta kuzitenga mwachibwana: nambala ina ya Mpamba kapena Airtel Money imene simuyenda nayo, kapena ku banki m'khonde kudzera mwa akazi anu. Koma musazisunge zaka. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo kawirikawiri mtengo wa minibasi umatsatira mafuta mosachedwa. Wosungira ulendo waukulu wa zaka zitatu zikubwerazo amapeza ndalama yake yasungunuka ili m'manja. Sungani miyezi itatu kapena inayi, yendani, yambaninso.

Powerengera, funsani mtengo wa lero wopita ndi wobwera, malo ogona, ndi chakudya katatu patsiku. Mukaphatikiza, onjezani gawo limodzi mwa magawo anayi a ndalama yonseyo. Kenako patulani ndalama yobwerera. Imeneyi ikhale ya mapepala, yosinthasintha, m'thumba lina, yoposa mtengo wa ulendo ndi theka, chifukwa mafuta akasowa makondakitala amakweza pomwepo. Musaidalire ya pafoni yokha: kumidzi ya m'mbali mwa nyanja netiweki imathawa, ndipo ejenti akhoza kukuuzani kuti alibe ndalama yokupatsani. Ndalama yobwerera sadyera, sabwereketsa, sagulira nsomba ngakhale zitatchipa bwanji. Ndipo musanatuluke pakhomo, ufa, ndiwo, makala ndi lendi zikhale zitakonzeka. Ulendo wosiya njala m'nyumba umakhala womaliza, chifukwa wachiwiri sadzakulolani.

Tsopano poyambira. Mwina mudabwa, koma yambirani pamene mumadutsa tsiku ndi tsiku. Pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi pali chipilala cha wotchi chokumbukira Mfumukazi Victoria, amene anamwalira mu 1901. Pambali pake pali mfuti yaikulu yochokera m'sitima ya nkhondo ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 inakaphwanya sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann ku Liuli, tsidya la Tanzania. Pomwepo palinso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Viphya mu 1946. Nyumba yosungiramo zakale ya Lake Malawi Museum ili chapafupi. Tauni yanuyi inayamba mu 1891 ndi dzina loti Fort Johnston. Anthu amachoka ku London kudzaima pamenepo ndi kuwerenga, pamene mwini dera amadutsa pa kabaza osacheuka. Ola limodzi la nkhomaliro likwana. Phindu lake si mbiri yokha: mukuphunzira kuima, kuyang'ana ndi kufunsa, ndipo amene sanaphunzire zimenezi kwawo, ngakhale atafika ku Johannesburg adzangoona misewu ndi magalimoto.

Lamulungu lina kwerani ya ku Namwera, makilomita pafupifupi 40 pa msewu wopita ku Chiponde. Khalani cha pawindo. Msewu umakwera phiri mokhotakhota, ndipo mukacheuka mumaona chigwa chonse chili pansi, Shire akutuluka m'nyanja ya Malawi kukalowa mu Malombe. Kumtundako mphepo ndi yozizira, mbewu ndi zina, ndipo m'mapiri amenewo ndi mmene munali likulu la mfumu Jalasi mpaka asilikali a Angerezi atamugonjetsa mu 1895. Mabwinja a linga la Angerezi la Fort Mangochi akadalipo m'nkhalango, koma musalowemo nokha. Ndi nkhalango yotetezedwa ndipo mumayenda njovu, choncho pezani wokuperekezani wovomerezeka. Ulendo wina ukhale wa ku Malindi, kumene kuli mishoni yakale ya Anglican ndi chipatala cha St Martin's. Kumeneko mukagone, chifukwa chokaona chenicheni chimabwera madzulo: muli tsidya la kum'mawa, ndiye dzuwa limalowera kutsidya kwa madzi, osati monga munazolowera.

Maulendo ang'onoang'ono amenewa ndi sukulu ya minibasi, ndipo sukuluyi muidziwe bwino. Nyamukani m'mamawa, isanakwane 7 koloko, pamene galimoto zimadzaza msanga. Pa siteji, musanyengeke ndi minibasi yooneka ngati yatsala pang'ono kudzaza. Yang'anani anthu ali m'katimo. Wapaulendo weniweni amakhala ndi chikwama pamiyendo, mwana kumsana, thumba la ufa kunsi kwa mpando. Anyamata amene akhala manja lende, akucheza ndi kondakitala, ndi oitanira. Inu mukangolowa ndi kulipira, amatsika mmodzimmodzi, mukhala pamenepo maola awiri. Funsani mtengo musanakwere, funsaninso kuti galimotoyo ikafika mpaka pati. Vuto lodziwika ndi kugulitsidwa panjira: anthu akachepa, kondakitala amakutsitsani n'kukukwezani ina. Zikatero, musatsike mpaka mutaona ndi maso anu akupereka ndalama yanu kwa kondakitala winayo, apo ayi mulipira kawiri. Suzumirani matayala, ngati aoneka osalala ngati chikhatho, dikirani ina. Pa njinga yamoto, wokwera akhale mmodzi ndipo chipewa chikhalepo. Lamulo lalikulu pa onse: kumalo kumene simukudziwa, fikani isanakwane 4 koloko madzulo. Kuno dzuwa likangolowa cha m'ma 6 mdima umagwa nthawi yomweyo, ndipo wofika usiku amagona paliponse, pa mtengo uliwonse.

Ulendo woyamba wogona masiku awiri ukhale wa ku Cape Maclear, m'boma lanu lomwe. Mutsata msewu wa M10 wopita ku Monkey Bay, makilomita pafupifupi 65, koma mutsikira pa mphambano kutatsala pang'ono kufika, n'kutenga njinga yamoto kapena matola makilomita ena pafupifupi 18 kudutsa m'mapiri mpaka m'mudzi wa Chembe. Deralo ndi Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo a mtengo wapatali padziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha mbuna, tinsomba ta m'miyala timene mitundu yake yambiri sipezeka kwina kulikonse. Tengani chiphaso cha unzika, chifukwa Mmalawi amalipira ndalama yochepa polowa kusiyana ndi mlendo wakunja. Kumeneko ndi kumene amishoni a Livingstonia, kuphatikizapo Dr Robert Laws, anayamba kukhala mu 1875, asanasamukire ku Bandawe mu 1881 malungo atawapweteka. Manda a ena mwa iwo alipo mpaka lero.

Kupita ku chilumba cha Thumbi, musachite hayala boti nokha. Sonkhanani anthu 6 kapena 8, mugwirizane ndi mwini boti mtengo wa boti lonse, maola ake, ndi zimene zili m'kati mwa mtengowo, zonse musanaponde m'madzi. Mikangano yambiri ya pagombe imayamba chifukwa wina amanena mtengo wa munthu mmodzi, mnzake n'kumva wa gulu. Pemphani magalasi oonera pansi pa madzi. Inu mwakula mukuona nsomba pa thandala, m'dengu ndi m'mbale. Pa miyala ya ku Thumbi mudzaviika nkhope m'madzi ofika m'chiuno, n'kuona tinsomba tabuluu, tachikasu, tamizeremizere tikukuzungulirani zala, tina tikukomba ndere pa mwala ngati mbuzi pa msipu. Pobwerera, woyendetsa boti amaimba mluzu n'kuponya nsomba m'mwamba, nkhwazi n'kutsika mumtengo kudzaiwakha pamwamba pa madzi, mapiko ake mukuwamva. Nyanja ndi yomwe ija, koma simudzaionanso chimodzimodzi.

Pali mantha ena amene ndikufuna muwataye. Ambiri a m'mbali mwa nyanja amaona malo ogona alendo ngati a azungu ndi mabwana a ku Lilongwe, ndipo amadutsa pa geti atawerama. Malo amenewo ndi a malonda. Lowani, perekani moni, funsani mtengo, gulani chakumwa chimodzi, khalani pansi. Ngati chipinda chadula, m'mudzi muli maresitihausi otsika mtengo. Musanalipire chipinda, chioneni: neti yosabooka, loko wogwira, madzi, chimbudzi. Tukulani matiresi muone m'mphepete mosokedwa. Timadontho takuda ndi chizindikiro cha nsikidzi, ndipo mukagonapo mukazifikitsa kunyumba m'chikwama.

Ku Liwonde munafikako, koma m'nkhalango ya nyama mwina ayi. Kuyambira 2015 ikuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks, ndipo anabwezeretsamo akakwiyo mu 2017 ndi mikango mu 2018, kuwonjezera pa njovu, mvuu ndi zipembere. Simulowa wapansi, pafunika galimoto kapena boti la pa Shire, ndiye uwu ndi ulendo wosonkherana ndi anzanu a kuntchito, a kumpingo kapena a kumzikiti. Ku Mua, pa msewu wopita ku Salima, kuli KuNgoni, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, ndipo nyumba yake ya Chamare imafotokoza chikhalidwe cha Achewa, Angoni ndi Ayao. Phiri la Zomba ndi la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi mamita 3,002, zidikire chaka chachiwiri.

Ulendo waukulu wa chaka choyamba ndikulangizani Ilala. Sitimayi inapangidwa ku Scotland, inabwera m'zidutswa, ndipo yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951. Kwawo ndi ku Monkey Bay, kwanu komwe. Kwa zaka zambiri ndondomeko yake yakhala yonyamuka Lachisanu m'mawa, kudzera ku Nkhotakota, Likoma, Chizumulu, Nkhata Bay, Usisya ndi Ruarwe mpaka Chilumba, n'kubwerera kudzafika ku Monkey Bay cha Lachitatu. Koma ndi sitima yokalamba. Imachedwa maola, nthawi zina tsiku, ndipo imaimitsidwa milungu ingapo ikamakonzedwa, choncho funsani padoko penipeni sabata yonyamukayo, osati kwa mnzanu amene anakwera chaka chatha. Werengani masiku motere: mukaweruka Lachinayi pitani mukagone ku Monkey Bay, Lachisanu, Loweruka, Lolemba, Lachiwiri ndi Lachitatu ndi masiku 5 a tchuthi, onjezani Lachinayi lotsatira kuti sitima ikachedwa musajombe. Masiku 6 aja ndi amenewa. Mukatsikira ku Likoma Loweruka, mumakhala ndi masiku awiri kapena atatu pachilumba musanaikwerenso ikamabwera kuchokera kumpoto.

M'sitimamo muli magawo. Pansi ndi potsika mtengo, koma ndi podzaza: matumba a chimanga ndi chinangwa, madengu a usipa, malata, nkhuku, anthu ogona pa katundu wawo, kutentha kwa injini. Pamwamba penipeni ndi podulirapo, mumagona panja pa mphepo, ndipo palinso zipinda za ndalama zambiri. Ngati thumba lilola, popita kwerani pamwamba kuti muone nyanja, pobwera mukhale pansi kuti mucheze ndi anthu. Tengani bulangete kapena juzi ngakhale kuli kotentha, chifukwa usiku pakati pa nyanja kumazizira. Tenganinso madzi akumwa malita atatu, chakudya chosaonongeka msanga monga mtedza, buledi ndi mbatata yophika, tochi, ndi foni yodzaza moto. Ngati mumachita chizungulire, idyani pang'ono, pewani zamafuta, khalani chapakati pa sitima pamene sipagwedezeka kwambiri, maso akhale kutali kumene madzi akumana ndi thambo.

Povuta ndi potsika. M'malo ambiri sitima sifika kumtunda. Imaima patali, n'kutsitsa maboti ake ang'onoang'ono. Anthu amakankhana pa khomo lopapatiza, katundu akudutsa pamitu, boti likukwera ndi kutsika ndi mafunde, ndipo kawirikawiri zimachitika usiku. Musalimbirane boti loyamba. Sitima imakhala maola pamalo amodzi, ndipo boti lachitatu kapena lachinayi limakhala ndi malo. Chikwama chikhale chimodzi, chakumsana, kuti manja onse awiri agwire makwerero. Foni, chiphaso ndi ndalama muzikulunge m'majumbo awiri, muziike m'thumba la pachifuwa. Valani kabudula ndi nsapato zosaopa madzi, chifukwa boti likafika pafupi ndi mchenga mumatsikira m'madzi ofika m'mawondo kapena m'chiuno.

Mukafika kumpotoko, pamalo ena nyanja ndi yakuya mamita pafupifupi 700, madzi ake ndi obiriwira modera, ndipo mudzaona ngati utsi ukufuka pakati pa madzi. Si moto, ndi nkhungu, tizilombo touluka timene anthu a kumeneko amagwira n'kuumba ndiwo. Pa Likoma pali tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chimene chinayamba kumangidwa mu 1903. Pamenepa ndiye ntchito yanu isanduka maso anu. Inu mumadziwa kulemera kwa thumba la simenti ndi mtengo wa lata. Yang'anani zipupa, zipilala ndi denga, mudzifunse kuti zipangizo zinafika bwanji pachilumba nthawi imeneyo. Lowani m'sitolo ya zomangira ya kumeneko, funsani mnzanu wa ntchito kuti simenti imafika motani, imadula bwanji, ikanyowa m'boti amatani. Mudzapeza nkhani imene mlendo wa kamera sangaipeze.

Mfundo imeneyi ndi yaikulu kuposa mmene ikuonekera, chifukwa n'zotheka kuyenda makilomita 300 osachoka pakhomo. Munthu amafika ku Nkhata Bay, n'kufunafuna nsima ya ufa woyera ndi chambo monga kwawo, n'kukhala m'bala kuonera mpira wa ku England, maso pa WhatsApp, n'kubwerera. Wasamutsa chizolowezi chake, sanachisiye. Idyani kondowole, nsima ya chinangwa. Menyani pang'ono, viikani m'msuzi, mezani osatafuna kwambiri. Phunzirani moni wa eni dera: kwa Atumbuka "Muli uli?", poyankha "Nili makora", kwa Atonga "Mwe uli?". Foni ikhale m'thumba kupatula nthawi yojambula ndi yoimbira kunyumba madzulo, ndipo munthu musamujambule musanapemphe. Funsani njira, funsani kumene anthu amasamba, funsani malo oletsedwa. Safunsa anadya phula. Pa ndale, chipembedzo ndi mitundu ya anthu, mvetserani kokha. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Kabuku kakang'ono ndi cholembera zikhale nanu: lembani mitengo, maola a galimoto, mayina a masiteji. Ulendo wachiwiri umatchipa chifukwa cha kabuku ka ulendo woyamba.

Za thanzi ndinena mwachidule, poti ndinu wa kunyanja. Gonani m'neti kulikonse, ndipo thupi likatentha kayezetseni malungo tsiku lomwelo. Likodzo limakonda madzi osaya, odekha, a mabango, kumene kumakhala nkhono. Mankhwala ake, praziquantel, sapha tizilombo tikadali tating'ono, ndiye kumwa tsiku lotsatira mutasambira n'kutaya. Pitani kuchipatala pakatha milungu 6 mpaka 8, kapena msanga mukaona magazi m'mikodzo. Kolera wa 2022 ndi 2023 anapweteka kwambiri maboma a m'mbali mwa nyanja, choncho madzi osadziwika athireni klorini kapena awiritseni, ndipo tengani mapaketi awiri a Thanzi. Paketi imodzi imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi abwino. Mu Shire ndi m'mathiriro a mitsinje musasambe, ng'ona ndi mvuu sizisankha mlendo. Boti lodzaza mpaka madzi kutsala pang'ono kulowa, kapena lopanda majekete oyandamitsa, lisiyeni lipite, ndipo asodzi akakuuzani kuti lero kuli mwera, mverani.

Tibwere kwa achibale. Sakunama kotheratu. Nyumba ya lendi si yako, ndipo iwo aona anthu akumwaza ndalama. Musakangane nawo ndi mawu, alankhuleni m'chinenero chimene inu ndi iwo mukumva: ulendo wa ku Cape Maclear ndi matumba angati a simenti? Werengani, muwauze. Kenako aonetseni kuti gawo la nyumba likusungidwa palokha mwezi ndi mwezi, ndipo la ulendo silikhudzako. Nyumba ikachedwa ndi miyezi iwiri kapena itatu pa zaka zisanu, si tsoka. Chimene sindivomereza ndi ganizo loti munthu ayende pokhapokha wina wamwalira. Ambiri mwa ife maboma a dziko lathu timawadziwira pa maliro, tili pa lole, maso ali ofiira, kufika usiku n'kubwerera mawa lake. Kumeneko si kuona dziko.

Akazi anu ndiye nkhani ina, ndipo m'kalata yanu mwangowatchula mongodutsa. Ku Mangochi kuno mawu oti "ndikupita kukayenda" ali ndi mbiri yowawa. Amayi ambiri anatsanzikidwa choncho ndi amuna opita ku Joni, ena mpaka lero ndi matchona. Mukayamba kunyamuka nokha kumapeto kwa sabata, iwo aganiza ziwiri: mukukonzekera kuthawa, kapena kwinakwake kuli mkazi wina. Komanso tayang'anani tsiku lawo, kutunga, kusesa, kuphika, kuchapa, opanda ndi Lamulungu lomwe. Ngati inu mwatopa, iwo atopa kawiri. Ulendo wa ku Cape Maclear mupite nawo, ndi mwana yemwe. Ndalama ikwera, koma chipinda ndi chimodzi, ndipo mukapeza mnzanu wosungira naye m'malo mwa wokuletsani. Pamene mupita nokha, nenani tsiku lobwera, mubwere tsiku lomwelo, m'manja muli kanthu.

Za anzanu a ku Joni, musasokoneze kuyenda ndi kusaka. Iwo anapita kukafuna ndalama, ndipo ambiri moyo wawo ndi womwe mukuuthawawu: sitolo kapena dimba la bwana m'mawa, chipinda chogawana anthu anayi usiku, kuwonjezapo mantha a mapepala. Zithunzi za pa Facebook ndi chikomekome cha mkuyu. Mmalawi wa pasipoti amaloledwa kulowa mu South Africa ngati mlendo kwa masiku 30, ndipo chilolezo chimenecho si chogwirira ntchito. Wopitirira masiku amaletsedwa kulowanso kwa nthawi, ena amatsekeredwa ku Lindela kudikira kubwezedwa. Ngati mukulakalaka kuponda dziko lina, chipata chili pafupi: Chiponde, kungowoloka muli ku Mandimba, Mozambique, kumene ndalama ndi metical, zikwangwani ndi za Chipwitikizi, koma pamsika Chiyao chikumveka. Funsani ku ofesi ya Immigration mapepala ofunika, dutsani pa chipata chenicheni, ndipo onetsetsani kuti akudindirani polowa ndi potuluka. Njira zachidule za m'tchire zimatchipa popita, pobwera n'kukudyerani zonse.

Kodi nthawi yosiya ntchito ingadzafike? Ingafike. Mukayenda motere chaka chathunthu, mudzadziwa ngati chinakutopetsani ndi kukhala malo amodzi kapena ntchito yeniyeniyo. Ikakhala ntchito, musiye muli ndi ndalama yodyetsa banja miyezi 6 ndi malo ena okuyembekezani, notisi mutapereka, mwasiyana bwino ndi bwana.

Pakadali pano, Lolemba lembani kalata ya tchuthi, ndipo malipiro a mwezi uno akalowa patulani gawo lija. Tsiku lobwerera kuchokera ku Cape Maclear, pa mphambano paja musakhotere kumanja kwa ku boma msanga. Pitani kumanzere makilomita ochepa otsalawo mpaka padoko la Monkey Bay, mukafunse tsiku limene Ilala ikunyamuka, mtengo wa ku Likoma pansi ndi pamwamba, ndi nambala ya foni ya ofesi yogulitsa matikiti. Zilembeni m'kabuku kaja, mtengowo muuchulukitse kawiri, popita ndi pobwera, muonjezepo gawo limodzi mwa anayi, ndipo mugawe ndi miyezi imene yatsala kuti ifike Meyi.